Nambala Yomaliza

Josette anali atadula kale waya wachiwiri pamene galimoto ya Trevor Pascoe inaima pageti. Chikwangwani cha chisankho chinalendewera pampanda, nkhope ya mayi woimira chipani itapendekeka koma ikumwetulirabe.

"Pepani kwambiri, achemwali," anatero Trevor akutsika, maluwa ali m'manja. Iyeyu anali mlembi wa chipani m'dera la Tarnbrook, munthu wathukuta chaka chonse. "Tataya mzati. Koma chikwangwanicho sichikanadikira kaye mpaka Loweruka, tivote?"

"Bambo anga amwalira dzulo, Trevor."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndabwera." Anasinthira maluwa aja kudzanja lina. "Kungofunsa chabe, musandimve molakwika. Voti yawo ija ya papositi anakwanitsa kutumiza?"

Josette anamuyang'ana mpaka Trevor anagwetsa maso. Amene anayankha anali amayi ake, a Karmena, omwe anali ataima pakhonde ndi diresi lakuda.

"Inapita Lachisanu, ndinakaponya ndekha. Lowa m'nyumba, usaime padzuwa ngati wotsatsa makapeti."

Pabalaza, Trevor anakhala m'mphepete mwa mpando n'kuyamba kufotokoza za mwambo wa maliro wa Lolemba: akuluakulu a chipani adzabwera, wina adzalankhula mphindi zisanu zokha. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ndamva kuti a Salvu, ang'ono awo a malemu, akufuna kudzanyamula nawo bokosi. Anthu athu akale aja sanaiwale, mayi. Zidzaoneka moipa."

"Pamenepo ndiye tagwirizana," anatero Josette.

A Karmena anatenga maluwa aja n'kupita nawo kukhitchini.

A Wistin Cutajar, bambo ake a Josette, ndi mng'ono wawo Salvu anabwera ku Melbourne pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Malta ali anyamata. Nthawi imeneyo Tarnbrook anali chidikha cha miyala ndi minga kumadzulo kwa mzinda, chokhala ndi fakitale imodzi yophera ng'ombe. Onse awiri analembedwa ntchito kumeneko. Loweruka ndi Lamlungu ankamangirana nyumba: chaka china ya mkulu, chaka chotsatira ya mng'ono, msewu umodzi pakati. Wistin anali ndi pakamwa, choncho anzake anamusankha kuti aziwalankhulira kwa mabwana, ndipo patapita zaka chipani cha anthu apantchito chinamuimika. Anakhala phungu wa Tarnbrook ku nyumba ya malamulo ya chigawo katatu kondondozana. Chikhazikitsireni deralo, mpando umenewu unali usanachokepo m'manja mwa chipanicho. Anthu ankaseka kuti ngakhale ataimika galu akhoza kupambana.

Chinawalekanitsa ndi malo a m'mbali mwa mtsinje, kumene anthu a pafakitale ankalima nyemba ndi tomato, ana awo n'kumasewera mpira. Boma linaganiza zowagulitsa kuti pamangidwe nyumba zosungiramo katundu. Wistin anakana m'chipinda cha chipani, koma itafika nthawi yokweza manja m'nyumba ya malamulo, anakweza limodzi ndi anzake. Salvu, yemwe dimba lake linali komweko, anaima payekha pa chisankho chotsatira.

Kunotu wovota sachonga dzina limodzi. Amalemba manambala pa mayina onse, kuyambira amene wamukonda mpaka amene wamunyansa, ndipo woima akagwa, mavoti ake amagwera kwa wotsatira papepalapo. Woima aliyense amasindikiza kapepala kouza omutsatira mmene aikire manambalawo. Chaka chimenecho oima anali asanu. Pa kapepala ka Salvu, nambala yachiwiri inali ya munthu wa chipani cha eni mabizinesi, wogulitsa nyumba. Mkulu wake anamuika pa nambala yachisanu.

Salvu atagwa, mavoti ake anagwera wogulitsa nyumba uja, ndipo Wistin anagonja ndi kusiyana kwa mavoti 83 okha.

Josette anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anaona chipani chikuwataya bambo ake ngati nsapato yakutha, iwo n'kukayamba kugulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya munthu wina mpaka kupuma ntchito. Malo aja anagulitsidwabe. Chipani chinadzaulanda mpandowo patapita zaka zisanu ndi zitatu, malire a dera anasinthidwa katatu, ndipo tsopano mtsinje umene anakanganira uja sunalinso ngakhale m'dera la Tarnbrook. Koma pa zaka makumi atatu zonsezo, abale awiriwa sanadyerepo patebulo limodzi.

Lachinayi masana, mphepo yotentha ikuwomba kuchokera kumpoto, Josette anamva kugogoda kukhomo lakuseri. Anapeza nkhalamba yowonda itavula chipewa, jumbo ya mandimu ili pansi pambali pake. Mphuno ndi makutu zinali za bambo ake ndendende: anali a Salvu.

"Amayi agona," anatero.

"Ndabwera kwa iwe, mwana wanga. Akuti zonse ukuyendetsa ndiwe."

"Mwana wanu? Lero?"

A Salvu anazunguliza chipewa chija m'manja. "Sindikupempha kulankhula m'tchalitchi. Sindikupempha mpando wakutsogolo. Ndigwireko bokosi basi, ngakhale kumapazi."

"Mukufuna nambala yanji, bambo aang'ono? Yomaliza? Paja ndi imene mumaidziwa bwino."

Nkhalamba ija inalandira mawuwo osaphethira. Inakhala pa sitepe pang'onopang'ono, itagwira bondo.

"Pa malo aja sindinalakwe," inatero. "Nkana lero ndikhoza kumuuza pamaso. Koma pa kapepala paja ndinalakwa. Ndinkangofuna kumuopseza. Ndani akanadziwa kuti Tarnbrook angagwe? Ndinkati apambana ndi mavoti ochepa, achite manyazi, abwere kudzandipepesa."

"Ndiye anabwera. Kawiri konse. Inu osatsekula."

"Ndinali kuseri kwa chitseko ndikumumva akupuma. Manyazi, Josette. Akanabwera kudzanditukwana ndikanatsekula." Anapukuta kukamwa ndi chala. "Ndinamva mochedwa kuti ali m'chipatala. Anandiuza ndi wometa tsitsi, Lachiwiri madzulo, zonse zitatha. Ndinkati mwina pomaliza penipeni adzandiitana. Koma sindimunena. Nanenso ndikanakhala iye sindikanaitana."

Josette anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali china.

"Onyamula akwana kale."

Anatseka chitseko. Pawindo anawaona akudzuka movutikira n'kumapita, atasiya mandimu aja pasitepe.

Lachisanu Josette ndi amayi ake anakhala kuchipinda akusankha suti yoti awaveke malemu. A Karmena anatulutsa yabuluu, anainunkhiza, n'kuibwezera.

"Iyi ankavala kunyumba ya malamulo. Atagwa anati imamuthina, chonsecho anali ataonda."

Josette anakhala pabedi, tayi ali m'manja. Anamupinda, anamutambasula, anamupindanso.

"Amayi, Lamlungu lija inu mutapita kukasamba, bambo anandituma. Anati, 'Umuimbire Salvu.'"

A Karmena anasiya kufufuza m'kabati.

"Ndinati ndiwaimbira. Sindinaimbe. Lolemba anandifunsa ngati ayankha, ine ndinati foni ikungoitana." Mawu ake anayamba kuthothoka. "Anangogwedeza mutu, amvekere, 'Chabwino, musiye.' Adokotala anati tikadali ndi milungu iwiri. Ndinkati ndiimba mawa, mtima ukatsika. Sindinkafuna munthu ameneyo adzaime pabedi pawo ngati palibe chinachitika."

Amayi ake anakhala naye pafupi. Sanamukumbatire, sanamukalipire. Anamulanda tayi uja n'kuyamba kumuwongola pabondo.

"Mkwiyo umenewu sunali wako," anatero. "Mwini wake anautula kalekale, iwe n'kuutola. Nanenso ndinakusiya uusenze, poti unkandikomera. Zimene ine ndinkalephera kunena, unkanena ndiwe."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Bambo ako sungawauzenso kanthu. Watsala ndi mmodzi woti angamve."

Loweruka m'mawa Josette anadzutsidwa ndi fungo la mapastizi, timikate ta ku Malta tokhala ndi nsawawa m'kati. Kukhitchini anapeza mafulasiki awiri akuluakulu a tiyi ali patebulo, makapu ali m'dengu.

"Amayi, chaka chino? Maliro ali m'nyumba?"

"Kuyambira tisanakubereke, sipanapite chisankho bambo ako osapita ndi tiyi kwa anthu oima pageti. Ukufuna anthu adziwire pa ludzu kuti wamwalira? Nyamula dengu."

Pasukulu ya pulaimale mzere unali utafika kale kumsewu. Makolo ankawotcha masoseji pansi pa mtengo, utsi ukulowa m'maso. Pageti, anthu a zipani atavala malaya a mitundu yawo ankapatsira ovota timapepala. Trevor atawaona anathamanga manja ali mwamba.

"Mayi Cutajar! Mwatikumbukira! Bweretsani kuno, pakhosi pauma."

"Dikira, Trevor," anatero a Karmena. "Wistin ankayambira kwa adani. Inu ndi apakhomo, mumwa zotsala."

Anamudutsa n'kulunjika kwa anthu a chipani cha eni mabizinesi. Bambo wina wa imvi pakati pawo anavula chipewa n'kuwerama mutu.

Pamenepo Josette anawaona a Salvu ali pamzere, okhaokha, atagwira ndodo. Anatula dengu lija pambali pa amayi ake n'kupita. Sanapereke moni, poopa kuti akayamba ndi moni salankhula.

"Bambo aang'ono, anakuitanani. Lamlungu anandituma kuti ndikuimbireni. Sindinaimbe. Ndinawanamiza kuti simukuyankha."

Mzere unasuntha, koma a Salvu sanasunthe. Mayi wina wa kumbuyo anawalambalala, kenaka wina.

"Anatchula dzina langa?"

"Kawiri."

"Ndiye wapita akuganiza kuti ndakananso."

"Inde."

Nkhalamba ija inayang'ana kubwalo la sukulu nthawi yaitali. Josette anadikira chitukwano, ndipo akanachilandira mosangalala. Koma a Salvu anangopumira m'mwamba.

"Iwe unamunamiza masiku awiri. Ine ndinali ndi zaka makumi atatu ndi miyendo iwiri, nyumba ili msewu umodzi." Anamugwira pamkono ndi zala zozizira. "Magazi athu ndi oipa pa nkhani ya zitseko."

"Lolemba mudzagwira kutsogolo, kumanja," anatero Josette, misozi ikutsikira m'khosi. "Trevor anene zimene anganene."

A Salvu sanathokoze. Anangogwedeza mutu, n'kutuluka pamzere paja kutsatira Josette kugeti.

A Karmena anali akulimbana ndi chivindikiro cha fulasiki. Atawaona mlamu wawo, sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangowapatsira.

"Tsekulani, alamu. Manja anga atha."

A Salvu anakoleka ndodo pamkono n'kutsekula. Nthunzi itawamenya kumaso, anaima chilili.

"Tsiku la chisankho chija mkulu wanga anandibweretsera tiyi pageti lomwe lino," anatero motsitsa mawu. "Kapepala kanga anali atakaona kale. Ndinalandira kapu n'kukhuthulira pansi, anthu akuona."

"Ndikudziwa," anatero a Karmena akuyala makapu. "Anabwera kugalimoto n'kundikalipira ine. Akuti, 'Karmena, wathira shuga mmodzi. Salvu amamwa atatu.' Anapanga ina yekha, koma pobwerera anapeza mwachoka."

A Salvu anatseka maso. Atawatsekula, bambo wa imvi uja anali atatambasula kale kapu yake, timapepala ta chipani chake atatipanira m'khwapa. A Salvu anagwira fulasiki ndi manja onse awiri n'kuyamba kuthira.

"Shuga angati, achimwene?" anafunsa.