Dzenje Limene Boma Silinalione

Ine mpaka lero mutu wanga sukugwira. Amuna anga anagwera m'dzenje ndi njinga yamoto, mwendo n'kuthyoka pawiri, koma boma likuti dzenjelo kulibe.

Analikumba ndi anthu okonza msewu, pakona pafupi ndi chigayo, n'kulisiya lili yasa, popanda chikwangwani ngakhale kansalu kofiira. Tsiku la ngoziyo kunagwa mvula, madzi n'kudzaza dzenjelo mpaka kufanana ndi msewu. Amuna anga ntchito yawo ndi yonyamula anthu panjinga. Mwayi wake nthawi imeneyo anali okha.

Apolisi analanda laisensi, ati ankathamanga mosasamala. Anati adzaibweza pokhapokha boma litavomera kuti panalibe chenjezo. Popanda laisensiyo, ngakhale mwendo upole, ntchito yatha, ndipo ine zinandiopsa kuposa mwendowo.

Ndiye ndinayamba kuzungulira maofesi. A khonsolo anati msewuwo si wawo, ndi wa a misewu. A misewu anati msewu ndi wawodi, koma dzenje ndi la kontrakitala. Kontrakitala anati dzenje ndi lake, koma zikwangwani amapereka ndi a khonsolo. Ndinabwerera kukhonsoloko mutu uli zweee, n'kufunsa mayi wa padesiki kuti, "Nanga mwendo wa amuna angawu ndi wa ndani?"

"Mayi, musatikalipire," anatero. "Titumiza woyendera akaone malowo."

Madzulo ake kuchipatala kunabwera mlamu wanga, nayenso wa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, lero tagwira ntchito! Ine ndi anzanga takwirira dzenje lija ndi zidutswa za njerwa, tatsira dothi, tapondaponda. Sagweramonso munthu."

Ine kupusa, ndinamuthokoza mpaka kuwomba m'manja.

Tsiku la woyendera ndinafika pamalopo n'kuima kakasi. Pakona paja panali chikwangwani chatsopano, penti wake akununkhabe, chochenjeza za dzenje patsogolo. Anachiika ndani, liti, sindikudziwa.

Woyenderayo anatsika m'galimoto, bambo wa nsapato zonyezimira.

"Mwati vuto n'chiyani, mayi?"

"Panalibe chikwangwani."

"Nanga ichi?"

"Achiika pambuyo pa ngozi."

"Chabwino. Dzenjelo lili pati?"

"Mwaimapopo."

Anayang'ana pansi, n'kuponda kawiri ndi chidendene. Pansi pali gwa!

"Mayi, mukundisokoneza. Mukudandaula za chikwangwani chomwe chilipo, ndi dzenje lomwe palibe. Ndiye ndikanene kuti chiyani?"

Anajambula chikwangwanicho pafoni, n'kumapita.

Mtima unandiwawa zedi. Ndinathamangira kunyumba, kutenga khasu, kubwerera. Ndinati ndifukula ndekha, aliyense alione dzenje lakelo. Nditangokweza khasu, panatulukira njinga pakonapo, kumbuyo itanyamula mayi wobereka khanda. Ndinapatuka. Inadutsa penipeni pa dzenje paja osagwedezeka n'komwe, khandalo lili m'tulo. Woyendetsayo, mnzawo wa amuna anga, anandikuwira akupita:

"Alamu! Akupeza bwanji achimwene?"

Khasu lija linangolemera m'manja. Ndinabwerera nalo kunyumba lopanda ndi dothi lomwe.

Kuchipatala ndinapeza amuna anga akundidikira, mwendo uli m'mwamba.

"Aliona dzenje lija?" anafunsa.

"Aona chikwangwani."

"Chikwangwani chiti?"

Ndinangowakonzera pilo.