Tepi ya a Gervazio

M'chaka cha 1981 koleji ya zaulimi inalandira mawayilesi a kaseti ophunzitsira, ndipo imodzi inapita kwa a Linus Zilole, mphunzitsi wa kasungidwe ka mbewu. A Zilole ankafufuza mmene alimi a ku Lobi amasungira nyemba popanda mankhwala a m'sitolo. Anaonetsa kalata ya boma ndi khadi la chipani kwa wapampando wa m'deralo, iye n'kuwalozera khomo la a Gervazio, kumene nyemba sizinkafumbwa.

Anafunsa bambo wa pakhomo, monga ankachitira kulikonse. A Gervazio anavala jekete, nayankhula mphindi makumi anayi, a Zilole akujambula mawu awo pa tepi. Akazi awo, a Dorika, anabweretsa madzi akumwa, n'kubwerera kuseri kwa nyumba.

Tepiyo inagwira ntchito materemu awiri. Ophunzira ankaimvetsera m'kalasi, kenako n'kuthira phulusa m'mabotolo a nyemba monga mkuluyo ananenera. Pakutha pa miyezi itatu mabotolo onse anali atadzaza anankafumbwe. Anabwereza, koma zinali chimodzimodzi. Lipoti la kafukufukuyo linkafunika mu Julayi, ndipo lonse linatsamira pa tepi imodzi ija. Choncho mu Epulo a Zilole anatsika basi pa Chimbiya, nakwera lole ya ku Lobi, kuti akawaseweretsere a Gervazio mawu awo ndi kufunsa pamene panalakwika.

Anapeza anthu a pakhomopo ali ndi mipala. A Gervazio anali ataikidwa m'manda sabata yapitayo, ndipo kumeta kunachitika dzana lake. A Zilole anapepesa maliro, kenako anafotokoza chimene anadzera.

A Alufeo, mng'ono wa malemuwo, anayang'ana chikwama cha a Zilole, mmene munali wayilesi ija.

"Mukuti akulu anga ali mmenemo?"

"Mawu awo okha, bambo."

"Ife munthu tamuperekeza, tameta, inu mwabwera naye m'chikwama? Mphasa yawo inapita nawo kumanda, jekete lomwe. Chatsala n'chimenecho. Musiye pano."

"Ndi katundu wa koleji."

"Bokosilo ndiye la koleji. Nanga mawuwo, inabereka ndi koleji?"

Tepi ina yokhala ndi mawu amenewo kunalibe.

A Dorika, amene anakhala pamkeka chapatali, anati, "Alamu, alekeni ayankhule kamodzi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwamva, lero sangandilume."

A Zilole anadina batani. Panamveka chifuwa, kenako mawu a a Gervazio akupereka moni. Amayi awiri anafunda zitenje kumutu n'kuyamba kulira. A Alufeo anatembenukira kumbali. Mawuwo anapitirira: nyemba zikauma, tapani phulusa lililonse la pamoto, thirani mumtsuko, basi mwatha.

"Taimitsani," anatero a Dorika. "Anati lililonse?"

"Eya, mayi. Ndi mmene takhala tikuchitira ku koleji."

"Ndiye zinafumbwa."

"Zonse."

"Nanga zikanalekeranji? Bambo amenewa, Mulungu awalandire, mtsuko wa nyemba anaugwirapo liti? Ankangoudziwa tsiku lophika."

Mmodzi wa amayi olira aja anaseka m'chitenje mwake.

A Dorika anafotokoza mosafulumira. Phulusa lake ndi la makoko a nyemba zomwezo, losefa, logona masiku awiri kuti lizizire. Nyemba umayamba wailuma. Ikapanda kulira pa dzino, ibwerere padzuwa. Phulusa lichuluke mpaka nyemba zisaonane, ndipo pakamwa pa mtsuko umate ndi dothi la pachulu.

"Mundawu ndi wa amayi anga, mitsuko ndi yanga. Iwo anali akamwini pano, anabwera ndi khasu lokha. Inu munafunsa jekete."

"Bwanji simunanene tsiku lija, mayi?"

"Ndinene pamaso pa mlendo kuti amuna anga akuphonya? Komanso inu kwa ine munapempha madzi."

A Zilole anakokera wayilesi ija pafupi. Kenako anatulutsa tepiyo, naipereka kwa a Alufeo ndi manja awiri. A Alufeo anaikulunga m'kansalu, nati mawa m'mawa akaikwirira kumutu kwa manda.

M'chikwama munali tepi ina yatsopano. A Zilole anaionetsa kwa a Dorika, koma iwo anapukusa mutu.

"Iyayi, aphunzitsi. Ine ndikadzapita musadzandiyendetse m'mabasi. Lembani pamanja. Ndipo ana anuwo ngati akufunadi kudziwa, tikumenya nyemba Lachisanu la sabata yamawa. Abwere ndi zovala zoti zide."

A Zilole anatulutsa kope, nalemba tsiku, mudzi, ndi dzina la wofunsidwa. Pa funso loyamba a Dorika anawauza kuti alembe pang'onopang'ono, chifukwa sabwereza ngati bokosi lija.

Atabwerera ku koleji analemba makalata awiri. Yoyamba inali yopempha lole yonyamula ophunzira makumi atatu. Yachiwiri inali yodziwitsa akuluakulu kuti lipoti la mu Julayi lichedwa ndi chaka, popeza mabotolo ayenera kuyambidwanso.