Jekete la Eni Ake

Alamu anga ndi telala, ndipo monga atelala onse amene ndimawadziwa, amavala ngati munthu wopulumuka pamoto. Msewu wathu wonse umatchena ndi manja awo, koma shati ya eni ake kutsogolo ndi yoyera, kumsana ndi nsalu yotsala ya makatani a munthu wina. Amati kumsanako saonako iwo, ndiye mavuto ndi a amene akubwera pambuyo.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anapeza mnyamata wokonza magetsi, ndipo makolo a mnyamatayo anatiitana kwawo kuti tikadziwane. Mlongo wanga, mayi ake a mtsikanayu, anatisiya kalekale, choncho ine malume ndinayenera kuperekeza. Mtsikanayo anapempha chinthu chimodzi chokha: "Ababa, anthu aja ndi aulemu, ndipo ine ndamukonda mwana wawo. Chonde musakandichititse manyazi."

Tsiku lake litakwana ndinawapeza alamu ali m'jekete labuluu, lolemera bwino, mabatani ake akuchita kuthwanima.

"Alamu, mwaba kapena ndikulota?"

"Tsitsani mawu, mwana angamve. Ndi la kasitomala. Kunabwera mayi wina, akuti amuna awo adwala nthawi yaitali ndipo aonda, ndiye ndilichepetse. Dzulo atabwera kudzalitenga ndinawauza kuti makina afa."

"Makina omwe ndimawamva akulira mpaka madzulo aja?"

"Inu alamu, wophika amalawa. Jekete lili ndi pakamwa kuti likanene kumene linayenda?"

Ndinaseka, chifukwa linkawakhaladi. Ngakhale kayendedwe kanasintha, anayamba kuponda ngati mwini banki.

Chitseko anatitsegulira mayi ake a mnyamata uja. Anayang'ana jekete kaye, kenako nkhope, kenako jekete. Alamu anapereka moni atayang'ana pansi. Polowa anandikoka chigongono.

"Ndi iwowa."

"Ndani?"

"A makina akufa aja."

 Mayiwo anatikhazika pamipando yofewa, natithirira tiyi mwaulemu wonse, ulemu wake woti bola akanangotitukwana. Bambo a m'nyumbamo anali pampando wapakona, oonda kwambiri, khosi likusambira m'kolala ya shati.

"Pepani ndakulandirani ndi shati chabe ngati mwana wasukulu," anatero. "Jekete langa lili kwa telala wina amene mayiwa anamupeza. Akuti makina afa. Makina a atelala amafa nthawi yake yomweyo imene munthu ukufuna kuoneka ngati munthu! Tikanadziwa tikanabwera nalo kwa inu, achimwene."

Anaseka okha. Ine ndinathandizako pang'ono, koma kuseka kwanga kunamveka ngati chifuwa.

"Komatu lanulo ndi lofanana ndi langa," anapitiriza akusuzumira. "Kungoti langa lili ndi kachipsera ka ayironi pamkono wakumanzere. Mwana wangayu analiotcha ali wamng'ono, pofuna kundithandiza."

Dzanja lamanja la alamu linanyamuka lokha n'kukaphimba mkono wakumanzere. Mtsikana wathu analiona. Anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

"Ababa?"

Sindinamvepo mawu aang'ono olemera chotero. Mnyamata wa magetsi anayamba kuyang'ana babu kudenga ngati akulifufuza vuto. Pamenepo mpamene mayi aja anayankhula, osakweza mawu.

"Ndinabwera nalo kwa inu dala, bambo. Mwana wanuyu amakutamani nthawi zonse akabwera kuno. Amati, ababa anga ndi osauka koma sananamizepo kasitomala. Ndiye ndinati ndikamuone ndekha munthu woteroyo, ndisanadziulule kuti ndine ndani."

Ine amene sindisowa chonena ngakhale pamaliro, ndinangoyang'ana nsapato zanga.  Ndinkadikira bodza lina, poti alamu ali nawo ambiri ndipo ena ndi abwino ndithu. Koma anaimirira, namasula mabatani, navula.

"Makina ndi amoyo, mayi. Ndinafuna kuti mwana wanga asachite nane manyazi. Ndamuchititsa oposa."

Anapita kwa bambo aja, nawaveka jekete lawo. Potero anatifulatira, ndipo tonse tinaona maluwa a makatani kumsana kwawo, akuluakulu, ofiira. Palibe anaseka, ngakhale ine. Bambowo anatayika m'jekete lawo lomwe, mapewa akulendewera. Alamu anatulutsa kachoko m'thumba la thalauza, nagwada, nayamba kutsina nsalu m'mbali ndi kulemba timizere. Timizereto tinali toongoka.

"Lafunda," anatero bambo aja akulisisita. "Mwandifunditsira." Sindikudziwa ngati kunali kukhululuka kapena kulasa, ndipo sindinafunse.

Tiyi tinamumaliza atazizira. Za ukwati palibe anazitchula.

Potuluka, mayi aja analipinda jekete lija bwinobwino. Alamu anatambasula manja, koma iwo anawadutsa n'kulipereka kwa mtsikana wathu.

"Inu bambo musoke, koma musavutike kubwera nalo. Atibweretsere mwanayu. Iwe mwana wanga, ukabwera usadzafulumire kubwerera, tili ndi zambiri zoti tikambirane awiri."

Mtsikanayo anagwedeza mutu, misozi ili m'maso. Mumsewu anayenda patsogolo pathu, jekete atalikumbatira pachifuwa, osacheuka. Alamu anayesa kumuitana ndi dzina lake lapaubwana, iye anangowonjezera liwiro.

"Amulandira, eti alamu?" anandifunsa motsitsa.

"Iyeyo amulandira," ndinatero. "Inu ndi ine za ukwatiwo tidzamva kwa anthu."