Tsiku Limene Delgermaa Anakana Kulepherana

Delgermaa anali atasewera chesi maola anayi pa tebulo lachinayi pamene mtsikana wa ku Vietnam amene ankalimbana nayeyo anakweza maso n'kunong'ona kuti, "Bwanji tingolepherana?"

Kulepherana kwa chiyani? Delgermaa anali ndi asilikali awiri kuposa mnzakeyo, mfumu ya mnzakeyo itapanikizidwa pakona. Koma timu yawo ya amayi a ku Mongolia inali ndi lamulo loti pa mpikisano wa mayiko uzifunsa kaye mphunzitsi usanayankhe. Anadzuka n'kupita kwa mphunzitsi wawo, a Ganzorig, woyimbira masewero akumvetsera pambali.

"Vomera," anatero a Ganzorig osaliyang'ana n'komwe bolodilo. "Timu ya amuna zaivuta kuholo inayo. Ndikufunika kumeneko."

"Aphunzitsi, anzanga atatu alepherana kale. Ndikapambana ine, tonse tapambana."

"Iwe, ndati vomera! Watsala ndi mphindi zisanu ndi imodzi pawotchi yako, uzingonjenjemera pamenepo."

Delgermaa anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ana ake awiri anawasiya kwa apongozi ku Darkhan miyezi itatu yathunthu, iye ali kalikiliki kukonzekera, lero amuuze kuti ataye chigonjetso chifukwa bamboyu akuthamangira kwina? Anabwerera pampando wake.

"Tiyeni tisewere," anatero, n'kukankha msilikali.

Sipanathe theka la ola, mtsikana uja anaimitsa wotchi n'kumupatsa dzanja, kuvomera kuti wagonja. Anzake a Delgermaa anamukumbatira pakhonde, misozi ili mbwembwembwe. A Ganzorig anali atapita kalekale.

M'mawa mwake, akumwa tiyi kuhotela, mphunzitsiyo anawerenga mayina a osewera tsikulo. La Delgermaa panalibe. Pamalo pake anaikapo Anujin, wosewera wachisanu amene ankangodikirira mpata.

"Munthu wosamva ine ayi," anatero.

Tsetsegmaa, wamkulu pa onsewo, anaika kapu pansi. "Aphunzitsi, amuna anu aja dzulo anagonja onse anayi, inu muli pomwepo. Mwachotsapo angati?"

A Ganzorig anangopinda pepala lawo n'kutuluka.

Delgermaa anaonera masewero a tsikulo ali m'gulu la anthu, zibakera atazifumbata m'matumba a jekete. Atabwerera kwawo, amayi onse asanu anasaina kalata yodandaula kwa akuluakulu a masewerowa. Yankho linabwera patatha miyezi inayi, mizere iwiri yokha: awathokoza chifukwa chokonda dziko lawo, ndipo a Ganzorig apitiriza ntchito.