Madisiki a Noreen

Lowell Tackett analowa mu holo ya kalabu yathu ya makompyuta ku Sunnyvale Loweruka masana atafukata katoni ya madisiki ngati khanda. Munali mu 1983, ndipo tonsefe tinali titagula kale makompyuta a m'sitolo, oyendera pulogalamu imodzimodzi.

"Abale inu, yafika mfumu yopanda anthu!" anakuwa Vern Ostrowski, mnzake wakalekale.

Lowell sanaseke. Munthuyu anamanga yekha kompyuta m'galaja, n'kulembanso yekha pulogalamu yoiyendetsa. Tinamuuza kuti azisunga mawu pa disiki mmene aliyense ankasungira, koma iye makani gwaa! Ati njira yake inali yachangu. Inalidi yachangu, koma padziko lonse makina omva madisiki akewo anali amodzi okha, ndipo Lachiwiri anapsa, pamodzi ndi kachipangizo momwe munkakhala pulogalamuyo.

"Kali kokha n'kanyama, achimwene. Tinkanena ife," anatero Vern.

"Muli makalata a Noreen umu," anayankha Lowell. "Miyezi yomaliza ija cholembera chinkamukanika, ndiye ankatayipa. Anati ndidzawerenge iye atapita. Ine ndakhala ndikungoti mawa, mawa."

Noreen, mkazi wa Lowell, tinali titamuika m'manda mu Febuluwale.

Vern analowetsa disiki imodzi m'makina ake. Makinawo anang'ung'udza, kenaka analemba kuti m'disikimo mulibe kanthu, n'kufunsa ngati aikonze mwatsopano. Chala cha Vern chinalunjika chokha pa batani lovomera. Lowell anamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kapu ya khofi inagubuduka.

"Iwe, undifufutira mkazi wanga!"

"Pepa, aise. N'chizolowezi."

Anayesa makina ena atatu, yankho lomwelo. Anthu anayamba kusuntha mmodzimmodzi kukaonera masewera atsopano kukona. Sindibisa, nanenso ndinasuntha, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Lowell anabwerera kwawo dzuwa likadalipo. M'nyumba munali chete. Anapita kugalaja, nafukula kope lakale la chikuto chobiriwira. Pulogalamu yonse inali mmenemo, mzere ndi mzere, masamba mazana awiri. Zolemba za Lowell zinali ngati papalasa nkhuku, choncho masiku amenewo iye ankayankhula, Noreen n'kumalemba. Kumanganso makina ndi kutayipa zonsezo inali ntchito ya chaka, mwinanso kuposa, ndipo womuthandiza panalibe.

Anakoka mpando, natsegula kopelo. Patsamba lachitatu, m'mphepete mwa manambala, panali timawu ta pensulo timene anali asanationepo: "Lowell, chakudya chazizira kawiri. Ndikudikirabe."

Anakhala pompo nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu. Kenaka anapukuta magalasi ndi malaya, nayamba kumasula zomangira za makina opsawo.