Mlamu wa Dzuwa Akwera Kumapiri

"Ng'oma yangayi moto siiudziwa," ankatero Kaitano pamsika wa kwa Ndamera, akuisisita ngati mwana wodwala. "Owamba ng'oma pamoto ndi anthu opanda abale. Ine dzuwa ndi mlamu wanga. Ndikaigoneka pamchenga, ndisanathe n'komwe ndudu, yakungika. Ndikaimenya, ng'ona zimatuluka m'Shire kudzamvera."

Sikuti ankanamiratu. Dzuwa la ku Nsanje limawamba chikopa chikadali pambuzi.

Mawu onsewa ankaponyera Mabel, mayi wamasiye wa ku Mulanje amene ankabwera kudzapikula milamba youma. Kaitano nayenso mkazi adamusiya kalekale, ndipo anali atamufunsira kale Mabel mpaka malovu kuuma.

"Kwathu mwamuna sitimumvera pakamwa," anatero Mabel akumanga dengu. "Bwerani nayo ng'omayo. Ikakalankhula pabwalo pamaso pa amalume, ndikakuyankhani. Magule alipo kawiri, Julaye tikakolola, ndi Okutobala. Ndikadakhala ine ndikadabwera Okutobala."

"Shamwali, mvera mwini dziko," anatero Fernando, mnzake woimba valimba.

"Okutobala?" anatero Kaitano. "Mwezi umene galu amayenda monyang'ama kuopa kupsa mapazi? Iwe, Julaye ndiye mfumu ya miyezi. Udzudzu wachepa, msewu wauma, munthu umafika kwa apongozi osanunkha thukuta. Dziko ndi limodzi, dzuwa ndi lomweli."

Ananyamuka Julaye, Kaitano atavala malaya a manja aafupi ositidwa mpaka kuthwa, Fernando akuperekeza. Atadutsa Chikwawa minibasi inayamba kubuula pachitunda. Kaitano anacheuka. Chigwa chonse chinali chitayalidwa pansi ngati mphasa, Shire amene amameza midzi akungooneka ngati ulusi wogwa kwa telala.

"Kodi timakhala mmenemo?" ananong'ona.

Chakumasana, ku Thyolo, dalaivala anayatsa magetsi. Mitambo inali itatsika pansi, ikuyenda m'minda ya tiyi pang'onopang'ono ngati ng'ombe zokhuta. Kaitano anatsegula pakamwa kuti afunse, nkutuluka utsi.

"Fernando, ndikufuka! Sindinasute!"

"Ndi chiperoni chimenecho, bambo," anatero mayi wina wofunda bulangete mpaka m'mphuno. "Chikafika chimakhalitsa ngati mlendo wa pamaliro."

Kumudzi kwa Mabel anapeza bwalo litadzaza, anthu ali m'majuzi ndi zipewa zoluka. Phiri lotchuka lija la Mulanje kunalibe, kunali khoma loyera la nkhungu basi. Pambali pa bwalo oimba ng'oma akumeneko anali atazungulira moto wa mapesi, aliyense akutembenuza yake, kuigogoda ndi chala, kuibwezeranso.

Amalume a Mabel, nkhalamba yajekete lalikulu, anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Ndinu aja a mlamu wa dzuwa? Mbiri yanu inafika kale. Senderani kumoto, chikopacho chamwa nkhungu."

Mabel anali chapafupi, akuyang'ana pansi, milomo ikunjenjemera ndi phwete. Kaitano anaona motowo, mafupa ake onse akuulirira. Koma mawu aja anali atakwera phiri iye asanakwere.

"Takhuta, baba," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo, mano akuwombana. "Mlamu akubwera."

Anaigoneka ng'oma pa udzu wonyowa, kukamwa kwake kuloza kumwamba.

Ndipo, ngati wina wamva, khoma loyera lija linang'ambika. Kaitano anayang'ana pamene ankaganiza kuti phiri lithera, koma panali thanthwe. Anakweza maso, thanthwe. Anapendeka khosi mpaka chipewa kugwa, ndipo pamwamba pa mitambo, pamene payenera kuuluka ndege zokha, panali mwala wakuda ukuwala ngati wadzozedwa mafuta. Madzi ankagwa kuchokera kumeneko, oyera ngati ufa, osamveka phokoso chifukwa cha kutalika. Munthu amene adabadwira pamene chulu amachitcha chitunda anaiwala kuzizira, anaiwala Mabel, anangolemba mtanda pachifuwa.

"Mayi wanga ine," anatero Fernando. "Chimenechi chimagona pompano usiku?"

Dzuwa linalipodi, litakhala pansonga penipeni ngati bwana pakhonde. Pansi silinatsike. Linasuzumira mlamu wake kamodzi, mitambo nkutsekanso.

"Alendo a kuchigwa, bwalo ndi lanu!" anafuula amalume.

Amayi anaimba nthungululu. Mabel anamanga chitenje m'chiuno nkulowa pakati, mapazi ali chire kudikira. Kaitano anaika ng'oma pakati pa miyendo, analavulira m'manja, anakweza dzanja mpaka kukhutu, nkulitsitsa ndi mphamvu zonse za Ndamera.

Bwa.

Ngati dzungu lowola lagwa padenga. Anamenyanso. Bwa.

Mabel anayenda pang'onopang'ono, nawerama, natchera khutu pachikopa chonyowacho.

"Mwati yanena chiyani, a Kaitano?"