Mchenga Ulibe Mawondo

A Mchenga anali atangodutsa pageti la chipatala, faelo ili m'khwapa, pamene wina anawakoka jekete chakumbuyo. Atacheuka anapeza ali achemwali awo, namwino wa kumalo olandirira odwala. Kumunsi kwa yunifolomu yawo yoyera kunali kutathimbirira ndi zinazake zachikasu.

"Mwalawirira kuti, achimwene, ndi tayi ngati mukukafunsira mbeta?"

"Kwa bwana wanu. Ndikungokasayina lipoti, mphindi zisanu basi."

"Bwana sathawa, ali ndi mpando wofewa. Inu tiyeni kuno muyambe mwaona ntchito ya manja anu."

Dzina loti Mchenga anawapatsa ndi ophunzira awo ku yunivesite, kumene ankaphunzitsa fizikisi. Chaka chilichonse ankalowa m'kalasi ndi botolo lodulidwa kunsi, n'kulizondotsa, n'kuthiramo mchenga. Ankanena kuti kamchenga kamodzi palibe angadziwe kumene kalowere, koma ukachuluka umamvera masamu. Ukathamangira kukamwa kwa botolo nthawi imodzi, umapanikizana n'kudzitsekera njira wokha. Masamu omwewo, iwo ankatero, amagwiranso pa magalimoto mumsewu, pa nyerere, pa kufala kwa chimfine, ngakhale pa anthu olimbirana khomo.

Choncho mkulu wa chipatala atadandaula kuti odwala akupanikizana pakhomo lopita kwa madokotala, a Mchenga anavomera kuthandiza. Mkuluyo anawatumizira mapu a holo yodikirira ndi mapepala a nthawi. Iwo anaika zonse m'kompyuta, munthu aliyense kadontho, benchi iliyonse kamzere. Atafufuta timizere, timadontho tinayenda ngati madzi. Analemba zomwezo, ndipo mabenchi anachotsedwa. Patatha miyezi itatu manambala anaonetsa kuti nthawi yodikira yatsika kuchoka pa maola anayi kufika pa ola limodzi ndi theka. Chomwe chinatsala n'chakuti iwo asayine lipoti lomaliza, kuti komiti yoyang'anira zipatala ilamule zipatala zina khumi ndi chimodzi kuchotsanso mabenchi awo.

M'holomo anali asanalowemo n'kamodzi komwe.

Fungo ndi limene linawalonjera: thukuta, mankhwala okolopera, ndi mpweya wochokera kuchimbudzi chimene chitseko chake chinali chosatsekeka. Anthu anali ataimirira m'mizere itatu, aliyense kakhadi ka nambala kali m'manja. Pasimenti pankaonekabe mabowo a misomali pamene panali miyendo ya mabenchi.

"Imani apa," anatero achemwali awo. "Khomalo musatsamire, pali makhololo. Ndikupezani ikamakwana teni."

"Achemwali, anthu akundidikira."

"Awanso akudikira. Afunseni mmene zimakomera."

Anapita osacheuka. A Mchenga anaima, faelo ataikumbatira pachifuwa.

Pafupi nawo panali bambo wina wachikulire wa chipewa chakhaki. Mapazi ake anali otupa moti nsapato anali atazidula kutsogolo kuti zala zipume. Ankasinthasintha mwendo woimira, uku atagwira kakhadi kolembedwa 63. Anawayang'ana a Mchenga kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Inunso mwadwala, bambo? Musadandaule. Mmene mwatchenamo akuonani msanga."

"Ayi, ndangoperekeza munthu."

"Mwachita bwino. Muno musamadwale." Anapuma kaye. "Kale ndinkabwera ndi tulo tanga, n'kugona pabenchi mpaka anditchule. Ndiye akuti kunabwera munthu wophunzira kwambiri, n'kupeza kuti chimene chimatichedwetsa ndi kukhala pansi."

"Sanabwere n'komwe," anayankhira mayi wina wobereka mwana kumbuyo kwawo. "Akuti anangotumiza kalata."

"Basi," anatero bambo wa chipewa uja, mopanda mkwiyo. "Ameneyonso adzakalamba."

A Mchenga anayang'ana nsapato zawo.

Chakutsogolo mtsikana wina anawerama n'kusanza. Anthu anayesa kufutukuka koma panalibe kofutukukira, ndipo amene anali kumbuyo, poopa kulandidwa malo, anangolumpha masanziwo, wina anapondamo. Wokolopa anabwera ndi ndowa n'kuthirapo madzi, ndipo madziwo anayenderera kulowera kukona kumene amayi atatu anali atakhala pansi pa nsalu zawo. Asanadzuke n'komwe, mlonda wa pakhomo anafika akumenya ndodo pasimenti.

"Tinthu inu, dzukani! Pansi si pokhala. Tinthu tiziyenda, tisaunjikane!"

A Mchenga anamva ngati wina wawathira madzi a m'ndowa ija m'khosi mwa malaya. Liwulo linali lawo. Polemba chidule cha lipoti loyamba, choti chikawerengedwe kwa antchito onse, anasowa dzina la timadontho tija, n'kulemba kuti "tinthu". Anaganiza kuti ndi liwu laukhondo, losakondera. Sanaganize kuti lingatuluke m'kamwa mwa munthu wonyamula ndodo.

Pofuna kuti maso awo apeze chochita, anayamba kuwerenga, monga mwa chizolowezi chawo. Poyamba ankawerenga olowa kwa madokotala. Kenaka anaona china. Bambo wina woonda, amene anakhala akutsamira mkazi wake, ananong'oneza mawu. Awiriwo anachoka pamzere, naponya kakhadi pansi, natulukira khomo lomwe analowera. Patapita mphindi zitatu mayi woyembekezera anachita chimodzimodzi. A Mchenga anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba timizere pachikuto cha faelo. Pomwe achemwali awo ankabwerera, timizere tinali khumi ndi tinayi.

"Amene akutulukawa amalembedwa pati?" anafunsa.

"Alembedwe ndi ndani? Nthawi timalemba munthu akafika pamaso pa dokotala. Wobwerera alibe nthawi, alibe dzina."

"Ndiye kuti ola limodzi ndi theka lija ndi la okhawo amene apirira."

"Eya, la amphamvu. Chipatala chathu tsopano chimachiza anthu otha kuima." Anawayang'ana m'maso. "Tandiuzani, achimwene, inu ophunzira. Mchenga wanu uja ukatopa umakwera n'kutulukira kumwamba kwa botolo? Uli ndi mawondo?"

M'kompyuta ya a Mchenga holoyo inali ndi khomo lolowera ndi khomo lotulukira, ndipo kadontho kalikonse kolowa kankafika. Panalibe kadontho kotopa.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa? Kawiri konse mwadya kunyumba kwanga, mukundifotokozera za nyerere mpaka chakudya kuzizira. Ine ndagwira muno zaka makumi awiri, koma inu munakhulupirira mapu. Kandimverere anakanena za m'maluwa." Anatsitsa mawu. "Sabata yatha mayi wina anabwerera katatu. Kachinayi anabwera pamachira. Sanafunikenso nambala."

Ofesi ya mkulu wa chipatala inali pamwamba, yokhala ndi kapeti ndi makina oziziritsa mpweya. Mkuluyo anali akusenda mazira owiritsa, makoko akuwaunjika papepala. A Mchenga atayandikira anaona kuti pepalalo linali tsamba loyamba la lipoti lawo lakale.

"Pulofesa! Khalani, khalani."

"Sindine pulofesa."

"Mukhala posachedwa, ndi ichi." Anapukuta zala pathalauza n'kutembenuza kompyuta kuti aone chithunzi cha mzere wotsika. "Taonani kukongola kwake. Kumsonkhano wa kunja kuja ativomera tonse awiri, dzina lanu pamwamba, langa pansi. Akulu a dipatimenti yanu ndalankhula nawo dzulo, akuti ayamba kale kudzitama. Sayinani apa ndi apa."

A Mchenga sanakhale. Anaika faelo patebulo n'kuloza timizere ta pachikuto.

"Anthu khumi ndi anayi abwerera osaonana ndi dokotala, m'mphindi makumi anayi zokha. Manambala athu sakuwawerenga. Mzere wanuwo watsika chifukwa odwala kwambiri akupita kwawo."

Ankayembekeza kuti mkuluyo adzidzimuka, kapena akana. Iye anangothira mchere padzira n'kuliponya lonse m'kamwa. Anayankhula likadali momwemo.

"Zimenezo ndikuzidziwa, a Mchenga. Makhadi otayidwa amasesedwa tsiku lililonse. Mukuganiza kuti sindiuzidwa? Koma wodwala weniweni sabwerera. Enawa amangobwera kudzacheza, mutu pang'ono, msana pang'ono. Inu mwatipatsa lichero. Mankhusu akuuluka okha."

Kachidutswa kachikasu kanagwera pamalo osayina. Mkuluyo anakachotsa ndi chikhadabo, n'kusiya kamzere ka mafuta.

A Mchenga sanali munthu wokalipa, ndipo sanakalipe. Anangozindikira kuti fungo la m'holo lija linali lopiririka kuposa la muno. Chinawanyansa kwambiri si mazira. Chinali chakuti kwa miyezi itatu mzere wotsikawo iwonso unkawakomera, ndipo anali atauonetsa kwa ophunzira awo kawiri.

Anatenga cholembera. Mkuluyo anamwetulira n'kukankhira pepala pafupi. Iwo analemba mosathamanga, ndi zilembo zikuluzikulu, modutsa tsamba lonse: *Masamu awa ndi olakwika. Sakuwerenga odwala obwerera. Wolakwitsa ndine. Mabenchi asachotsedwe kwina kulikonse, ndipo muno abwezedwe.* Pansi pake anasayina n'kulemba tsiku.

Mkuluyo anawerenga kawiri.

"Mwapenga? Komiti ikumana Lachisanu. Mukufuna tonse tikaoneke zitsiru?"

"Chitsiru ndi ine ndekha. Ndalemba choncho."

"Madzi akatayika saoleka, bambo. Msonkhano uja muuiwale. Ndipo akulu anu akamva kuti mwadzinyoza nokha papepala, upulofesa umene mumaudikira uja mudzaumva pawailesi. Taganizani bwino. Ndisindikiza tsamba lina, palibe amene waona."

"Ndaona ine." Anatulutsa foni n'kujambula tsambalo. "Ku komiti ndikapereka ndekha. Mabenchi munawaika kuti?"

"Popanda chilolezo changa palibe benchi imene ikulowa m'holo muja."

"Ndangofunsa kumene ali."

Mkuluyo anatenga dzira lina n'kuliswa patebulo mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Achemwali awo ndi amene anawalondolera. Mabenchi anali ataunjikidwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ng'anjo yowotchera mabandeji, ataderuka ndi mvula ndiponso atadzaza zitosi za mbalame. Namwinoyo anasankha ina yolimba miyendo n'kuipukuta ndi chiguduli.

"Ndiye mwasayina?"

"Ndasayina zina."

"Vulani jekete. Ndipo munyamulire kutsogolo, muziona kumene mukupita. Kamodzi kokha m'moyo wanu."

Benchiyo inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. M'kompyuta ankaichotsa ndi chala chimodzi. Anapuma kawiri panjira, ndipo pofika pakhomo la holo tayi inali itatembenukira kuphewa. Mlonda anatchinga ndi ndodo.

"Bwana akudziwa zimenezi, asisita?"

"Amene anachotsa mabenchi ndi awa," anatero namwinoyo. "Akubweza katundu wawo. Ukafuna kalata akulembera, amadziwa kulemba."

Mlondayo anayang'ana tayi, anayang'ana benchi, kenaka anatsekula zitseko zonse ziwiri.

"Ndipo anthuwa si tinthu," anatero a Mchenga akudutsa. "Liwulo ndinalakwitsa ndine. Musalinenenso."

"Ine ndimangonena zimene zinalembedwa, bwana."

Anaiika m'mbali mwa khoma, pomwe panali mabowo a misomali. Isanakhazikike n'komwe anthu asanu anali atakhalapo, wachisanu ndi chimodzi akukankha ndi chiuno. Palibe amene anathokoza, ndipo a Mchenga anaona kuti n'zoyenera. Iwo ankayang'anayang'ana chipewa chakhaki m'mizere yonse itatu.

Pakhomo la madokotala namwino wina anatulutsa mutu.

"Sikisite fili!"

Panalibe woyankha.

"Sikisite fili! Sikisite fili, komaliza!" Anadikira pang'ono. "Sikisite folo!"

Kakhadiko a Mchenga anakapeza pafupi ndi khomo lolowera, pamadzi okolopera, kali ndi chidindo cha nsapato. Anakatola, anakapukuta pamalaya, n'kukaika m'faelo pamwamba pa lipoti. Pachikuto anawonjezera kamzere kamodzi.

"Atsala angati kuseriko?" anafunsa.

"Makumi awiri ndi atatu," anatero achemwali awo. "Ine ntchito ikundidikira. Pezani wina wogwira kumbuyo."

A Mchenga anapinda manja a malaya n'kupita kukalankhula ndi mlonda.